Udzu wa Kuseri kwa Kampu

Anthu akandifunsa kuti nyumba yanga yoyamba ndinaimanga bwanji nkhondo ili m'kati, ndimapukusa mutu n'kunena kuti ndinavutika kwambiri. Limenelo ndi bodza lachimuna. Amene anavutika ndi mkazi wanga. Ine ndinkaima chapatali, manja kumbuyo, n'kumapereka maganizo.

Ndinali mphunzitsi. Ndinabadwira kunyanja, pafupi ndi Nkholongue, koma ntchito inandiponya kumtunda, ku Maniamba, ndipo n'kumene ndinapezako mkazi. Anali mwana wa alimi a chimanga, wamfupi, wa mawu ochepa, woti akakuyang'ana kawiri umayamba kudzifunsa wekha kuti walakwa pati. Tinkakhala m'nyumba ya sukulu. Nkhondo itayandikira, mbiri inamveka yoti zigawenga, anthu a m'tchire aja, akalowa m'mudzi amayamba ndi kufunsa kumene kukugona aphunzitsi ndi anamwino. Sindinadikire kuti ndiuzidwe kawiri. Tinatsika mapiri wapansi ndi ana athu awiri, mphika umodzi, khasu la mkazi wanga ndi chitini changa cha ndalama. Njira yonse ndinkamuuza kuti alitaye khasulo, likutichedwetsa. Iye ankangolichotsa paphewa ili n'kuliika paphewa linalo.

Ku Metangula anatilandira amalume, mlongo wawo wa mayi anga, amene anali msodzi. Anatipatsa kanyumba kosungiramo maukonde. Ndimawathokoza mpaka lero, koma eni ake a kanyumbako anali maukonde ndi makoswe, ife tinali obwera. Zovala zathu zonse zinkanunkha nsomba, moti nditayamba kuphunzitsa pasukulu ya patauni, ana a pabenchi la kutsogolo ankatsina mphuno mobisa. Chaka chinatha tili momwemo. Akazi awo a amalume sanatinyoze pamaso, ayi. Ankangosesa pakhomo pathu m'mawa uku akulankhula ndi tsache: "Amati mlendo ndi mame. Koma mame a chaka chino dzuwa lawalephera."

Chitini changa chija ndinkachidalira. Kuyambira malipiro anga oyamba ndinkaponyamo kangachepe kuti tsiku lina ndidzagule malata. Koma nkhondo inazisandutsa ndalama kukhala mapepala wamba. M'sitolo munangotsala mashelefu ndi wogulitsa. Ukafuna mchere unkapita ndi usipa, ukafuna nsalu unkapita ndi ufa wa chinangwa, ndipo munthu wongogwira ndalama za metikali m'manja ankamuona ngati wabwera kudzacheza. Ine ndinali ndi metikali ndi Chipwitikizi, basi.

Mvula itatha, mkazi wanga anandiuza kuti ali ndi pakati. Ananena akusenda chinangwa, osandiyang'ana.

"Uyu sabadwira m'maukonde," anatero.

"Tidikire nkhondo ithe, mayi. Ndani amamanga nyumba mfuti zikulira?"

"Nanga nkhondoyo yakuuzani kuti itha liti?"

M'mawa mwake anapita yekha kwa amalume, anagwada, n'kupempha malo. Anam'patsa kachitunda ka kumtunda kwa munda wawo wa chinangwa, poti ngakhale mbuzi sizinkapakonda.

Momwe anailipirira nyumba imeneyo ndimalephera kuwafotokozera ana a masiku ano, amene amaganiza kuti nyumba imayambira kubanki. Panali mmisiri wina wachikulire, wa diso limodzi loyera, amene anaphunzira kumanga kwa amishoni. Ndinapita kwa iye ndi chitini changa n'kuchitsegula monyadira. Anasuzumiramo, anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiitana monga amaitanira aphunzitsi kuno.

"Apulofesoli, mapepala anuwa ndichite nawo chiyani? Ngakhale fodya sakulungika bwino m'menemu."

Mkazi wanga sanalankhule za chitini. Anayang'ana munda wa mkuluyo, umene unali utalowa thengo chifukwa ana ake onse anathawira ku Malawi, n'kufunsa kuti ukuthera pati. Anagwirizana pomwepo: iye alima munda wonse, mmisiri amanga makoma ndi denga. Mkazi wangayo anakweza mizere ikuluikulu ya kwawo kumtunda, yoti anthu a kunyanja ankaima panjira n'kumafunsana ngati ali manda. Akaweruka kumunda ankapita pachitunda kukaumba zidina, njerwa zosawotcha zija, ndi chikombole chobwereka kwa mmisiri yemweyo. Madzi ankatunga kunyanja, ndowa pamutu, mimba patsogolo, kukwera chitunda chonsecho. Mitengo ya denga anaipeza kwa amalume, yochotsa pathandala lakale loyanikapo usipa, ndipo pobwezera anawasinjira ufa mwezi wathunthu. Chitseko chinachokera ku bwato long'ambika limene linagona pamchenga zaka zambiri. Chinali chokhota pang'ono, moti mphepo inkalowa m'mbali, koma chinali chitseko.

Musaganize kuti ine ndinangokhala. Ndinajambula pulani. Ndinang'amba tsamba m'kope, ndinatenga rula, n'kujambula zipinda zitatu zondondozana: chogona ife, chogona ana, ndi sala. Sala ndiye balaza, chipinda cholandiriramo alendo, monga ndinkazionera m'nyumba za akuluakulu a boma. Ndinkafuna ikhale ndi khomo lakelake loyang'ana kumtunda, kumene kunali msewu, ndi chiundo chokwera, kuti mlendo akabwera asaone miphika. M'maganizo mwanga ndinali nditaikamo kale tebulo, mabuku ndi kalendala.

Mmisiri analitembenuza pepalalo uku ndi uku.

"Udzu wake uli kuti?" anafunsa.

"Tifolera malata."

"Malatawo ali kuti?"

"Abwera."

"Apulofesoli, nyumba sayeza ndi rula. Amayamba aona mitolo ya udzu, kenako n'kudziwa kuti makoma athera pati."

Mkazi wanga anali kumbali ya mmisiri, ndinaona pankhope. Koma ndinakweza mawu, ndinaponyamo Chipwitikizi pang'ono, ndipo anandisiya. Sala ija inamudyera zidina zambirimbiri, zoumba yekha, ndipo sanadandaule ndi kamodzi komwe. Ndikakumbukira zimenezi manyazi amandigwira ngati zachitika dzulo.

Pofika Sepitembala makoma anali ataima, mitengo ya denga itamangidwa. Apa m'pamene vuto linaonekera. Udzu wofolera umamera kumapiri, ndipo kumapiri kunali kosapitika. Aliyense ankadziwa mtsinje umene unali malire, ndipo kuwoloka pamenepo kunali kudzipereka wekha. Amayi awiri anayesa chaka chimenecho. Anabwerako mmodzi, wopanda mtolo, wosafuna kufotokoza kanthu. Bango la m'mphepete mwa nyanja linali litatha kale, chifukwa othawa nkhondo anali atadzaza tauni yonse ndipo aliyense ankafuna pobisa mutu. Amalume anabwera kudzaona makoma athu, n'kuwagogoda ndi chala.

"Chidina ndi mchere, mphwanga," anatero. "Chikaona mvula chilibe denga, chimabwerera kumene chinachokera."

Ndinawauza kuti asadandaule, nkhani imeneyi ndi ya anthu ophunzira. Ndinagula pepala la sitampa, chinthu chokhacho chimene ndalama zanga zinkatha kugula, n'kulemba kalata yopempha malata ku ofesi ya boma. Ndinailemba katatu kuti isakhale ndi pofufuta. Kalaliki wake, bambo wina wa ku Lichinga, anaiwerenga, anayamikira Chipwitikizi changa, anaiika pamwamba pa mulu wa makalata ena n'kupsinja ndi mwala. Anandiuza mwaulemu kuti ndidikire. Sanalakwe munthuyo, malata kunalibe ndipo sakanawabereka. Yankho la kalata imeneyo ndikuliyembekezerabe. Malata amene ali padenga lero tinawagula nkhondo itatha, awiriawiri, ndi nyemba za m'munda wa mkazi wanga. Koma tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati munthu amene wafolera kale.

Okutobala analowa ndi kutentha kwake. Masana mitambo inkaunjikana kutsidya kwa nyanja n'kubalalika, ngati ikutiyesa. Mkazi wanga anasiya kudya bwino. Akadutsa pachitunda ankayang'ana makoma, kenako kumwamba. Tsiku lina anabwera kuchokera kumsika nkhope itamasuka.

"Udzu ndauona."

"Kuti?"

"Kuseri kwa kampu."

Kampu imeneyo ndi ya asilikali a panyanja, amene timawatcha amalinyero. Kuseri kwake, pakati pa waya ndi njira ya anthu, kunali malo aakulu oti munthu sapondako, ndipo tsekera ankamera pamenepo wamtali kuposa munthu. Chaka chilichonse amalinyero ankamutentha mvula isanagwe, kuti mdani asapeze pobisala. Tonse tinkauona udzu umenewo, tonse tinkauona utsi wake. Panalibe amene anaganizapo kuti ndi denga.

"Mawa tipite limodzi," anatero. "Inu mukalankhule Chipwitikizi chanucho."

Ndinakana. Ndinanena zambiri: kuti munthu wozungulirazungulira pakampu amamuyesa kazitape, kuti anthu ena anatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepa, kuti mphunzitsi wa boma sangakapemphe udzu pachipata ngati mbuzi, kuti kalata yanga ili m'njira. Zina mwa zimenezi zinali zoona. Koma choona chachikulu chinali chakuti ndinkaopa, ndipo ndinkafuna kuti mantha angawo aoneke ngati nzeru. Iye anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kupita kukabwereka chikwakwa kwa akazi a amalume.

M'mawa mwake ndili pabolodi, ndikuphunzitsa masamu ogawa, pakhomo pa kalasi panaima msilikali, mfuti paphewa. Anangoti, "Pulofesoli," n'kundikodola ndi chala. Choko chinagwa chokha. Tinadutsa pakati pamsika, iye kumbuyo ine patsogolo, ndipo anthu amene ndinkapatsana nawo moni tsiku lililonse anayamba kuyang'ana nsomba zawo mwachidwi. Ndinkayenda ndikumukalipira mkazi wanga mumtima, ndikumulira nthawi yomweyo, chifukwa ndinkati ndikam'peza atamangidwa.

Ndinam'peza atakhala pampando. Pampando weniweni, pansi pa mtengo wa mango wa pachipata, chikwakwa pamiyendo, kapu m'manja. Patsogolo pake panali mkulu wa asilikali, munthu wamtali wochokera kumwera kwenikweni kwa dziko, wosadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chinyanja, atanyonyomala n'kumayang'ana pansi. Pansipo panali zibuma ziwiri za dothi. China chinali chofundidwa ndi timaudzu tosanjidwa bwino, ndipo chinali chouma. China chinali chitasungunuka, pangotsala matope. Alonda anandiuza pambuyo pake kuti atam'gwira pachipata n'kumufunsa mafunso oti sankawamva, iye anapempha madzi akumwa ndi manja, anatola zibumazo, anafundika chimodzi ndi udzu, n'kuthira madzi aja pa zonse ziwiri. Kenako analoza kumwamba, analoza mimba yake, analoza udzu wa kuseri kwa waya.

Mkuluyo anaimirira n'kundiuza m'Chipwitikizi kuti zonse wamva kale, ine wangondiitanira malamulo. Anawonjezera, akuyang'ana kumbali, kuti mayi ake nawonso amagona m'nyumba ya udzu, ndipo papita zaka asanawaone. Malamulo anali awa. Moto auyatsa Loweruka ndipo sasintha tsiku, choncho tinali ndi masiku atatu. Tizilowa mbendera ikakwera, tizituluka isanatsike. Udzu umwetedwe mpaka pansi. Panali miyala yopaka laimu imene anati wina asayerekeze kuidutsa. Sanafotokoze chifukwa, ifenso sitinafunse.

"Afunseni ngati ndingabwere ndi anzanga," anatero mkazi wanga.

"Mayi, musawonjeze. Atichitira kale chifundo."

"Afunseni, bambo."

Ndinafunsa. Mkuluyo anati angati. Iye anati onse amene apeze chikwakwa. Mkuluyo anaseka, n'kunena kuti mayina awo alembedwe papepala, ndipo wina akalakwitsa, wofunsidwa ndi mphunzitsi. Umo ndi momwe cholembera changa chinapezera ntchito pa nyumba imeneyi.

Kwawo kwa mkazi wanga ntchito ikakula amaitana dima. Mwini ntchito amafulula mowa kapena thobwa, anthu amabwera kudzathandiza, amamwa, n'kumapita, ndipo zimene zagwiridwazo zimatsala ndi mwini. Koma iye analibe chimanga, analibe mawere. Tsiku lomwelo anazungulira kwa amayi anzake othawa kumtunda, amene ankagona pakhonde pa tchalitchi ndi pansi pa mitengo ya mango atatchinga ndi masaka, n'kuwauza kuti kuli dima, koma mowa wake ndi udzu. Anabwera amayi asanu ndi anayi. Ine ndinangoganiza kuti ife titenga wotikwanira, wotsala agawane. Sindinafunse, poti ndinkaona kuti n'zodziwikiratu.

Kalasi ndinasiyira mphunzitsi mnzanga, ndipo masiku atatu amenewo sindidzawaiwala. Dzuwa la Okutobala linkawotcha mpaka miyala, tsekera ankacheka manja, fumbi lake linkayabwa thupi lonse. Amayi aja anafola mzere umodzi, atawerama, n'kumapita patsogolo ngati akulima, nyimbo ili pakamwa. Mkazi wanga kuwerama kunkamuvuta chifukwa cha mimba, ndiye ankamweta chogwada, n'kumakwawa ndi maondo, koma mzere sunamusiye. Ine ndinkaitana mayina pachipata monga m'kalasi, kenako n'kukaima pamthunzi ndi pepala langa, kuyang'anira kuti wina asayandikire miyala yoyera. Tsiku loyamba lisanathe mayi wina wamtali anandiponyera luzi.

"Dzanja lolemba limamanganso mitolo, apulofesoli."

Mtolo wanga woyamba unamasuka uli pamutu pa mayi wina, udzu n'kumukwirira yense. Anaseka amayi, anaseka alonda a pawaya. Pofika tsiku lachitatu ndinali nditaphunzira, ndipo m'manja mwanga munali matuza okhaokha. Loweruka amalinyero anayatsa moto wawo monga ananenera, koma unangonyambita ziputu n'kuzima.

Udzu wonse tinaututira pachitunda pathu, mulu wake kutalika kuposa makoma. Ndinauzungulira ndikugawa mumtima: zipinda zitatu, khonde, mwinanso kakhitchini. Ndiye ndinaona mkazi wanga akuika miyala khumi pansi, motalikirana. Anayamba kunyamula mitolo, umodzi pamwala uwu, umodzi pamwala winawo, kuzungulira, n'kuyambiranso, mpaka mulu waukulu uja unatha. Panatsala milu khumi yofanana. Wathu sunapose wa wina aliyense ngakhale ndi kamtolo kamodzi.

Ndinapsa mtima, ndipo sindinabise. Ndinamukokera kuseri kwa khoma.

"Mwapenga kodi? Anapita pachipata ndani? Anaika moyo pachiswe ndani? Mwini dima ndi inu!"

"Pa dima onse amamwa mofanana. Mowa wathu ndi umenewu."

"Koma udzuwu ndi wathu!"

"Udzuwu unali wa moto, bambo. Tonse talanda kumoto." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Mayi wamtali uja ali ndi ana anayi pansi pa mango. Amuna ake anawaphera pamaso pake. Mukamuuze ndinu kuti ana ake anyowe chifukwa inu mukufuna popachika kalendala."

Sindinapite kukamuuza. Amayi aja anasenza milu yawo, ulendo ndi ulendo, mpaka pachitunda panatsala wathu wokha, ndipo unkaoneka wochepa momvetsa chisoni.

Mmisiri anabwera, anauyang'ana ndi diso lake limodzi, n'kunena kuti ukwana zipinda ziwiri ngati tikufuna denga losadontha. Tikaumwaza pa zitatu, zonse zitatu zidontha. Anamasula mitengo ya pamwamba pa sala, anamanga denga la zipinda ziwiri zogona palokha, n'kulifolera mothinana. Atatsika anandiitanira pambali n'kundilozera m'mphepete mwa denga latsopanolo, mbali imene inayang'ana ku sala.

"Madzi onse a mbali iyi azigwera m'sala mwanumu. Khomo munaliika kumtunda, chiundo munachikweza, ndiye atulukira pati? Akaima adya khoma lapakatili, ndipo likagwa limeneli denga likhala pa chiyani? Gwetsani salayi mvula isanabwere, basi."

Mkazi wanga ananena zomwezo, mofatsa, kawiri. Ine ndinati ayi. Ndinali nditaluza udzu, sindinafune kuluzanso sala. Ndinabwereka thanga lakale la bwato kwa amalume, ndinalikunga pamwamba pa makoma, n'kunena kuti ligwira mpaka malata abwere. Tinasamuka m'kanyumba ka maukonde sabata yomweyo. Akazi a amalume anatiperekeza atatinyamulira mphika, ndipo analira, zimene sindinkayembekezera.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa Novembala, masana, nditangobwera kusukulu. Mphepo ya mpoto inayamba, nyanja inada, kenako kumwamba kunangotseguka. M'zipinda ziwiri zija simunalowe ndi dontho limodzi lomwe. Ana ankavina. Ine ndinatuluka kukaona sala yanga, ndipo ndinapeza thanga lija litadzaza madzi, litalendewera pakati ngati mimba ya ng'ombe. Ndikuyang'ana choncho linang'ambika, madzi onse n'kukhuthukira m'kati. Ochokera padenga nawo ankatsanulira momwemo, monga ananenera mmisiri. Posakhalitsa sala inali thamanda. Madzi anafika m'akakolo, anapitirira, ndipo anatsamira khoma lapakati, limene kuseri kwake kunali mphasa za ana anga. Ndinaligwira m'munsi. Chala chinalowa.

Ndinayamba kukapa ndi mphika, mwana wa kunyanja ine, ngati ndili m'bwato. Ndikataya mphika umodzi kumwamba kunkabweza khumi. Nditatukula mutu ndinaona pawindo mkazi wanga akuzungulira kumunsi kwa sala, mvula ikum'menya, chitenje chitamatirira pamimba ya miyezi isanu ndi itatu, khasu lili m'manja. Sanandikalipire, sananene kuti ndinakuuzani. Anangoima pakhoma lakumunsi, anatambalitsa miyendo kuti asaterereke, n'kukweza khasu.

Ndinathamanga n'kukaligwira lili m'mwamba.

"Ndipatseni."

Sanalisiye. Ankaganiza kuti ndikufuna kum'letsa.

"Ndipatseni, mayi. Inu pitani pakhonde."

Ndinatema m'munsi mwa khoma. Dothi linali litafewa kale, khasu linkangolowa. Nditatema kachisanu madzi anatulukira pamiyendo panga, ofiira, amphamvu, ndipo khoma lonse linatsatira. Ndinalumphira kumbali likugwa. Ndinapita pa linalo, limene ndinkati ndidzapachikepo kalendala, ndinaligwetsanso. Kenako ndinakumba ngalande kuti madzi a padenga azithawira kumunda wa chinangwa, ndipo zidutswa za sala ndinazikokera patsinde pa khoma lapakati kuti lilimbe. Ndinagwira ntchito mpaka mvula inayamba kuchepa. Khomalo linanyowa mpaka m'maondo, koma linaima. Mwana wathu wachitatu anadzabadwira kuseri kwake patapita milungu yochepa. Pamulu wa dothi umene unali sala yanga mkazi wanga anadzabzalapo maungu, ndipo anabereka moti anthu odutsa ankafuula kuti sala ya apulofesoli yalandira alendo. Koma tsiku limenelo kunalibe choseketsa.

Ndinaima pamatopepo, malaya a kusukulu atasanduka ofiira, ndikuyang'ana zidina zimene mkazi wanga anaumba ndi madzi osenza kuchokera kunyanja zikutsetsereka ndi ngalande. Ndinkafuna kupepesa koma sindinkadziwa poyambira: pa sala, pachipata cha kampu, kapena kumapiri kuja kumene ndinkati ataye khasu. Anabwera n'kulitenga m'manja mwanga, analitsuka ndi madzi otsika padenga, analiimika pakhonde. Kenako anakankha chitseko chathu chokhota chija.

"Mukunyowa, bambo," anatero. "Lowani m'nyumba mwanu."

Ndinali nditagonapo m'nyumba ya mayi anga, m'nyumba ya sukulu ndi m'nyumba ya maukonde, koma mawu amenewo panalibe munthu amene anandiuzapo. Ndinawerama pakhomo, ndinalowa, ndipo m'kati munali mouma.